Penti wa Elekitironi

Madamu a sayansi anali ndi khoma loyera mbee ndi masana amodzi okha oti pakhomapo paoneke atomu, chifukwa m'mawa mwake komiti ya makolo imabwera kudzagamula ngati chipindacho chikhale labu yoyeseramo za sayansi, kapena abwezeremo madesiki othyoka monga ankafunira ahedi. Ndiye pa anthu onse ogwira bulashi m'tauni monse, iwo anakasankha mlamu wawo, mwamuna wa mkulu wawo, wojambula zikwangwani za mashopu, amene anthu amangowatchula a Zilipo chifukwa pansi pa chithunzi chilichonse amalembapo mawu amenewo ndi nambala yawo ya foni. Akanandifunsa ine, ndikanawauza kuti aitane mlendo.

"Ndi chimenechi, alamu," anatero Madamu, akutsegula buku pa desiki n'kulipsinja ndi chitini cha penti. "Mpira pakati, mizere yozungulira, timipira ting'onoting'ono pa mizerepo. Chikhale chachikulu, munthu azichiona akangosuzumira pa chitseko."

A Zilipo anatsamiritsa makwerero kukhoma, anavala magalasi, anawerama. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira mbuzi imene akufuna kugula.

"Chakongola ndithu. N'chiyani?"

"Atomu."

"Mumagulitsa muno?"

"Alamu, ino ndi sukulu."

"Ndaona ana panja. Koma ilimo muno?"

"Ilimo. Ili paliponse."

"Basi zaphweka. Tengani imodzi muiike apa, cha kuwindo kuno kowala. Ine ndimajambula chinthu chili patsogolo panga."

"Singaoneke."

"Yatha?"

"Siinathe! Ndi yaing'ono kwambiri, diso silingaione."

A Zilipo analoza ndi mlomo maikulosikopu, galasi lokulitsa tinthu ting'onoting'ono, imene inali pa shelefu, yofunditsidwa nsalu. Inali imodzi yokhayo pa sukulu yonse, ndipo Madamu ankaipukuta kuposa mmene ankapukutira nsapato zawo.

"Nanga galasi lanulo?"

"Ilo limaonetsa khungu la anyezi ndi mwendo wa ntchentche. Atomu silingaifike n'komwe."

"Palibe lina lalikulupo?"

"Kuli makina akuluakulu kwina kwake amene amaonetsa timabampu tondandalikana."

"Timabampu ta mizere ndi timipira?"

"Ayi, timabampu basi."

"Nanga amene anajambula m'bukumu anaona ndi chiyani?"

"Sanaone ndi maso. Anayesa, anayesanso, anawerengetsa masamu, zinatuluka chonchi."

"Oho. Anachita kumva."

"Sanachite kumva!"

"Inuyo munaiona?"

"Ayi."

"Aphunzitsi anu?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye tonse tachita kumva, alamu. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndamva lero."

Madamu anausa moyo. Ana a m'kalasi mwawo akamva kuusa moyo kumeneko amakhala chete okha, koma mlamu si mwana wa sukulu.

"Mphepo munaionapo?"

"Ayi."

"Koma ilipo?"

"Ilipo. Inandigwetsera chikwangwani cha telala."

"Eya! Ndi mmenenso ilili atomu. Timaidziwa ndi zimene imachita."

"N'chifukwa chake mphepo sindinaijambulepo. Ndimajambula mtengo wopendekeka. Mukufuna mtengo wopendekeka?"

"Ndikufuna ichi!" Chala cha Madamu chinagogoda tsamba mpaka chitini chinagwedezeka.

"Chabwino, musakwiye, tiyambe." A Zilipo anagwada n'kuyamba kutsegula zitini ndi msomali waukulu. "Timipirati n'tabuluu. Tili ndi dzina?"

"Maelekitironi."

"Buluu wake uti? Ndili ndi woderapo wa zitseko, ndi wowala uja wa m'masaluni."

"Aliyense."

"Aliyense bwanji? Chinthu chimakhala ndi kala yake."

"Elekitironi ilibe kala."

A Zilipo anayang'ana buku, anayang'ana mlamu wawo, anayang'ananso buku.

"Apa ndi yabuluu."

"Anangosankha osindikiza, kuti mwana asiyanitse ndi zapakatizi."

"Zofiirazi?"

"Nazonso si zofiira."

"Nanga mizereyi?"

"Mizere... mizere palibe. Ikungosonyeza njira."

"Koma abale! Tsono chilipo n'chiyani apa? Pepala?" Anabwezera chivundikiro pa chitini n'kuchimenya ndi chibakera. "Alamu, ine nambala yanga ili pa makoma a tauni yonse ino. Ndikajambula nsapato, munthu amalowa n'kupeza nsapato. Wa golosale uja wa pakona anandiuza ndimujambulire ayisikilimu, alibe ndi firiji yomwe. Ndinanyamula makwerero anga n'kumapita. Chithunzi cha pakhoma ndi lonjezo. Mwana akalowa muno n'kunena kuti madamu, tandionetsani kabuluu aka, mumupatsa chiyani?"

"Ndimupatsa phunziro."

"Ndiye tijambule phunzirolo. Ndi la kala yanji?"

Apa Madamu anapinda manja n'kuyamba kumwetulira. Kumwetulira kumeneko n'kwa munthu amene wakumbukira mlandu wa mnzake, ndipo pabanja pawo aliyense amakuopa.

"Nkhuku ija ya pa lesitilanti ya kusiteji anajambula ndani?"

"Ine. Ntchito yapamwamba ija. Anthu amaima n'kujambulitsa pomwepo."

"Yavala chipewa cha wophika."

"Choyera. Mapindikidwe ake anandivuta kwambiri."

"Ikumwetulira. Ili ndi mano, alamu. Ndipo yakweza chala chachikulu."

"Phiko."

"Phiko la chala! Munthu akalowa m'lesitilanti muja, amaipeza nkhuku ya mano yovala chipewa?"

A Zilipo anakanda kuseri kwa khutu ndi chogwirira cha bulashi.

"Nkhuku amaipeza."

"Ya mano?"

"Mutu amakhala atadula kale, munthu sangatsimikize."

"Aaa, alamu inu!"

"Koma nkhukuyo ilimo. Nditha kuigwira, nditha kuidya, fupa lake litha kunditsamwa. Chipewa ndi ulemu chabe. Ndikachotsa chipewa, mano ndi chala, patsala nkhuku. Inu mwachotsa kala, mwachotsa mizere. Chatsala n'chiyani?"

"Patsala atomu yeniyeniyo."

"Yooneka bwanji?"

"Siioneka!"

"Tabwerera pomwe paja."

Kuwala kwa dzuwa kunali kutachoka pa desiki n'kutsikira pansi, ndipo khoma linali likadali mbee, lopanda ngakhale kadontho. Madamu analiyang'ana n'kusintha njira.

"Tulutsani foni yanu."

"Ilibe mayunitsi."

"Sindikufuna kuimba. Ingotulutsani."

Anaitulutsa. Inali yothimbirira ndi penti wa makoma onse amene mwini wake anakwerapo.

"Imayaka?"

"Ikafuna."

"Mumalankhula ndi achemwali, iwo ali kunyumba inu muli pamwamba pa makwerero?"

"Amalankhula iwo. Ine ndimamvetsera."

"Foni imeneyo anaipanga anthu okhulupirira kuti maelekitironi alipo. Anawerengetsa mmene amayendera, anawapangira tinjira toti azidutsamo, foni n'kuyaka. Babu ilo chimodzimodzi. Makina ojambula mafupa kuchipatala chimodzimodzi. Zikanakhala zongopeka, zonsezi zikanamagwira ntchito mwangozi? Tsiku ndi tsiku, ngozi yokhayokha?"

A Zilipo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mfundoyo inawalowa, ndipo sanabise.

"Pamenepo mwalankhula."

"Ndiye kwerani makwerero."

"Tadikirani kaye. Penti uyu mukumuona? Ine ndimavundula kulowera kumanja nthawi zonse. Amene anandiphunzitsa ntchito anati ukavundulira kumanzere penti amakwiya, amasupuka mvula ikangoyamba. Chiyambire ine ndimavundulira kumanja, ndipo penti wanga sanasupukepo. Zikugwira ntchito. Ndiye penti amakwiyadi?"

"Penti sakwiya, alamu."

"Koma zikugwira ntchito."

"Munayesapo kuvundulira kumanzere?"

"Ndiyeserenji zinthu zikuyenda?"

"Pamenepo ndi pamene tasiyana! Ife timavundulira kumanzere dala. Mfundo timaikankha, timaipinda, timaifunira chifukwa kuti igwe. Ikakana kugwa, ndi pamene timailemba m'buku."

"Ndiye zimene zili m'buku sizigwa?"

"Sizigwa wamba."

"Wamba," anabwereza a Zilipo, ngati munthu amene waluma kamwala.

Komabe ananyamula chitini chimene chinapsinja buku chija kuti achivundule. Chitangochoka, masamba anabwerera m'mbuyo okha, ndipo a Zilipo anaima ndi kamtengo kovundulira m'manja.

"Ha! Uyu ndi ndani?"

"Zisiyeni izo, ndi mbiri chabe."

"Mpira wosalala, wopanda mizere, pansi alemba atomu. Winayu ngati bani, kabuledi kaja ka tizipatso mkati, nayenso alemba atomu. Ndi apachibale?"

"Ndi mmene anthu ankaiganizira kale."

"Ndiye inasintha? Inakula n'kumera mizere?"

"Atomu siinasinthe. Tinasintha ndi ife, tinadziwa zambiri."

"Amene anajambula bani uyu anali mbuli?"

"Ayi ndithu, anali katswiri woopsa."

"Ankavundulira kumanzere?"

"Ankavundulira."

"Bani wakeyu ankamukhulupirira mmene mukukhulupirira timipira tanuti?"

Madamu anayang'ana kudenga, kumene kunalibe thandizo lililonse kupatula kangaude.

"Mwina."

"Ndiye akanandiitana ine nthawi imeneyo, ndikanalemba ZILIPO pansi pa bani, ndi nambala yanga. Lero anthu akanamandiimbira."

"Tamverani, alamu. Inu mukamajambula nkhope ya munthu pa saluni, mumayamba ndi chiyani?"

"Choko."

"Kenako?"

"Koti yoyamba ya penti, yopyapyala. Kenako yachiwiri. Maso pomaliza."

"Choko chija chimakhala bodza?"

"Si bodza. Ndi nkhope imene sinathe."

"Basi! Mpira wosalala ndi choko. Bani ndi koti yoyamba. Timipira ndi yachiwiri. Chilichonse chikuyandikira nkhope yeniyeni kuposa chinzake."

Madamu anawomba m'manja okha, poti panalibe wina wowawombera. Ndipo tisawamane, fanizolo linali labwino.

"Zamveka," anatero a Zilipo. "Koma ine mwini nkhope amakhala pampando patsogolo panga. Ndikayang'ana iye, ndikayang'ana khoma, ndimadziwa kuti mphuno yatsala pang'ono. Inu mwini nkhope simunamuonepo. Mukudziwa bwanji kuti mukuyandikira, simukupitirira?"

"Chifukwa chithunzi chatsopano chimayankha mafunso amene chakale chinalephera, ndi akale omwe osawataya."

"Oo, ndiye ichi cha timipira ndi chomaliza."

Madamu anayamba kuwongola ngodya ya tsamba la buku.

"Alamu? Ndi chomaliza?"

"Nachonso chinasiyidwa kale," anatero motsitsa mawu, ngati akuopa kuti maikulosikopu imva.

"Mayo ine! Mukufuna ndijambule bani wachitatu!"

"Si bani!"

"Mwana wathu woyamba uja munamuphunzitsa nokha timipira timeneti, anakhoza mayeso, tinavina usiku wonse. Ndiye anakhoza ndi bodza?"

"Anakhoza ndi koti yachiwiri."

"Ndikamuuza. Aziyenda modzichepetsa."

Pamenepo Madamu anakhala pansi pa desiki, ndipo mantha amene anawabisa tsiku lonse anatulukira pankhope.

"Alamu, tandimverani ngati m'bale. Chiyambire ntchito pa sukulu pano, sayansi ndimaiphunzitsa ndi choko ndi pakamwa. Chipinda chino ndachita kuchipempha mogwada. Madesiki othyoka ndatulutsa ndi manja angawa, khomali ndapaka ndekha. Mawa makolo akalowa n'kupeza khoma lopanda kanthu ndi galasi limodzi pa shelefu, ahedi safunika ndi kulankhula komwe. Chithunzichi si nkhope ya atomu, ndavomera. Koma mwana akachigwira m'mutu amamvetsa chifukwa chake mchere ndi mchere, chifukwa chake chitsulo chimachita dzimbiri. Chimamufikitsa kumene akupita."

A Zilipo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Ndi munthu wa mtima wofewa kwambiri, vuto lake ndi mutu basi.

"Chipinda chino sichipita, alamu. Ine ndili pano. Tingogwirizana chimodzi: ndi zoona, kapena n'zothandiza chabe?"

"Atomu ndi yoona. Chithunzi n'chothandiza."

"Basi ndilemba choncho pansipo. ZILIPO, KOMA SI IZI."

"Simulemba zimenezo pakhoma langa."

"MWINA ZILIPO."

"Palibe za mwina! Zilipo!"

"ZILIPO, FUNSANI MKATI."

"Tili kale mkati, alamu."

"ZINALIPO, TIKUDIKIRA ZATSOPANO. Wa matayala uja ndinamulembera choncho, anthu anamulemekeza kwambiri."

"Mukufuna ahedi aseke mpaka agwe pampando?"

"Chabwino, zolemba tiona pomaliza. Kala ndavomera, buluu akhale ngati chipewa cha nkhuku. Koma saizi yokha ikhale yeniyeni, pamenepo sindisuntha. Mpira wa pakatiwu ndi timipirati n'zotalikirana chonchi?"

"Aaa... osati ndendende."

"Zitalikirane motani?"

Munthu wochenjera akananama apa, ntchito n'kutha. Koma Madamu ndi mphunzitsi, ndipo mphunzitsi akafunsidwa funso limene akulidziwa yankho, pakamwa pamatseguka pokha.

"Wapakatiwo ukakhala ngati batani la malaya, elekitironi ikhala kutali, kupitirira bwalo la mpira uko."

"Pakati ponsepo pali chiyani?"

"Palibe kanthu."

"Kanthu n'komwe? Ndipo mwati zinthu zonse n'zopangidwa ndi zimenezi?"

"Zonse. Khoma, penti, inuyo."

"Makwerero anga?"

"Nawonso."

A Zilipo anachotsa phazi pa sitepe yoyamba mosamala kwambiri.

"Ndiye moyo wanga wonse ndakhala ndikukwera mpata?"

"Amakunyamulani, si choncho? Pali mphamvu zimene zimakankhana, phazi silingadutse."

"Mphamvuzo munaziona?"

"Alamu, kwerani!"

"Ndikwera. Koma ndikagwa, mukawauze nokha achemwali anu kuti ndinadutsa pakati pa atomu."

Anaviika kabulashi kakang'ono mu penti wofiira, anakwera akuponda mopempha, n'kuika kadontho pakati penipeni pa khoma, kozungulira bwinobwino, saizi ya batani. Anatsika, anakayang'ana chapatali, anakhutira. Kenako anaviika bulashi yaikulu mu buluu mpaka kukhosi, ananyamula chitini, n'kulunjika ku chitseko.

"Mukupita kuti?"

"Kukaika elekitironi. Kuseri kwa bwalo la mpira kuli nyumba ija ya khoma lachikasu."

"Imeneyo ndi nyumba ya ahedi!"

"Kadontho kamodzi kokha. Ndilemba pansi pake kuti n'ka labu."

"Alamu, bwererani kuno!"

"Mawa komiti muyambe nayo muno, ione chapakati, kenako muyende nayo pang'onopang'ono mpaka kwa ahedi. Makolo atuluka thukuta, koma apita kwawo atadziwa zoona."

Madamu anathamanga n'kuwatchingira pa chitseko, dzanja uku dzanja uko.

"Simungakaike kadontho pamenepo, chifukwa palibe amene akudziwa kuti ili pamenepo!"

"Mwanena nokha kuti kuseri kwa bwalo."

"Itha kupezeka kumeneko, itha kupezeka pafupi. Ilibe malo amodzi ngati mpando. Tisanayeze, timangodziwa kuti apa mwayi woipeza ndi waukulu, apo ndi wochepa."

"Oo, imathamanga kwambiri eti? Ndiiikira timizere ta liwiro kumbuyo, ngati njinga yamoto."

"Si nkhani ya liwiro! Si kampira n'komwe!"

"Nanga n'chiyani?"

"Nthawi zina imachita ngati kampira, nthawi zina ngati funde la madzi."

"Kutengera nyengo?"

"Kutengera mmene mwaifunsira!"

"Ngati achemwali anu."

"Ndipatseni kuno!" Madamu anatsomphola bulashi ija, yodzaza buluu mpaka kudontha, n'kutembenukira kukhoma mmene amachitira ndi choko pa bolodi, ataiwaliratu chimene chinali m'manja mwawo. "Chapakati ndi icho. Elekitironi itha kupezeka apa! Kapena apa! Kapena apa! Kawirikawiri pafupi, apa, apa, apa, apa! Mwa apo ndi apo, kutali uko!"

Liwu lililonse linkapita ndi dzanja, dzanja linkapita ndi penti. Thapsa! Thapsa! Pamene mpweya unkawathera, khoma lonse linali madontho a buluu okhaokha, othithikana kuzungulira kadontho kofiira kaja, otalikirana cha m'mphepete, ena pawindo, ndi limodzi pa galasi lakumanzere la a Zilipo.

Panamveka penti yekha akudontha kuchoka pa bulashi kugwera pa nsapato ya Madamu.

"Penti woyera muli naye?" anafunsa Madamu ndi kamawu kakang'ono.

"Sindinabwere naye. Munati khoma mwapaka kale nokha."

Madamu anabwerera cham'mbuyo, dzanja pakamwa, mpaka msana unagunda chitseko. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo labu yawo ankaiona ikupita. Ali pomwepo, misozi italengeza m'maso, anapendeketsa mutu. Anatsinzina diso limodzi. Dzanja linatsika pakamwa pang'onopang'ono.

"Alamu. Musakhudze."

"Ndikudziwa, sanaume. Akauma ndipala ndi sandipepa."

"Musapale! Ndi imeneyo!"

"Chiyani?"

"Atomu! Ku koleji ankatijambulira chonchi, ngati nkhungu, yochindikala pakati, yopepuka kunja. Pa zithunzi zonse zimene tili nazo lero, choyandikira zoona ndi chimenechi. Mwandivutitsa masana onse kufuna zoona, ndi izo. Lembani pansipo ZILIPO ndi nambala yanu."

A Zilipo anavula magalasi, anapukuta dontho lija ndi ovololo, anavalanso. Sizinathandize.

"Nambala yanga? Pansi pa ichi?"

"Yonse, ndi manambala akuluakulu."

"Alamu, sukulu yonse yandiona ndikulowa muno ndi makwerero. Mawa tauni imva kuti a Zilipo ayamba kumwa masana. Ichi chikuoneka ngati nkhunda zagona padenga zitamwa inki."

"Koma n'choona."

"Choona mpaka liti? Mpaka atulutse buku lina?"

"Mpaka pamenepo. Pakadali pano ndi chimenechi, ndipo sichichoka."

"Ndichiikire kamzere kamodzi kokha. Kozungulira, kopyapyala, koti diso lipeze pogwira."

"Mizere palibe."

"Kampira kamodzi, pakona."

"Si kampira."

"Nanga komiti? Makolo akalowa n'kuona khoma lothimbirira chonchi, ahedi angoloza ndi chala, madesiki othyoka abwerera tsiku lomwelo."

"Ndiwafotokozera."

"Mwandifotokozera ine masana onse. Taonani khoma."

Madamu anapinda manja n'kuima patsogolo pa madontho awo, buluu ali pachipumi, osafuna kumva za munthu. A Zilipo anayang'ana dzuwa pawindo, limene linali litatsika ndithu. Anayang'ana khoma lakumbuyo, lomwe linali likadali loyera. Kenako anatola buku, anafufuza okha tsamba la timipira, n'kulipsinja bwinobwino ndi chitini.

"Chonde alamu, pitani mukasambe kumaso," anatero akukokera makwerero kumbuyoko. "Ndisiyeni ndikujambulireni bodza labwinobwino, la mizere yake, kuti mawa makolo akhulupirire sayansi."